Chilonda chimene chimasiya chitetezo: za katemera wa leishmaniasis ya pakhungu

Pamwamba pa mkono wanga pali kachipsera kozungulira, kolowa m'kati pang'ono, kamene kanabwera ndisanayambe n'kuyankhula komwe. Ndi ka katemera wa BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu cha TB, ndipo anthu ochuluka zedi padziko lapansi ali nako, moti ambirife timakaona tsiku lililonse posamba osakaganizira n'komwe. Inenso sindinkakalabadira mpaka pamene ndinayamba kuwerenga za nthenda ina ya pakhungu yotchedwa leishmaniasis, ndi za makolo akale a ku Middle East ndi ku Central Asia amene ankachita kusankhira ana awo malo pamene chipsera cha nthendayo chidzakhale. Kuyambira pamenepo kachipsera kanga ndimakaona mwamtundu wina, chifukwa kafukufuku yense wa katemera wa nthendayi, monga mmene ine ndamumvera, wagona pa funso limodzi: kodi n'zotheka kupatsa munthu chitetezo chimene chilonda chimasiya, popanda kumupatsa chilondacho?

Makolo amenewo sankadziwa kuti m'chilondamo muli kachilombo, koma maso anali nawo. Anaona kuti pafupifupi mwana aliyense wa m'dera lawo adzadwala chilondachi tsiku lina, kuti chimakonda kutuluka kumaso ndi m'manja, ndiponso kuti munthu amene chinamugwirapo n'kupola, kawirikawiri sichimubwereranso. Ataphatikiza zitatuzi anapeza njira yawo. Ankatenga timadzi ta pachilonda cha wodwala n'kukanda nato khungu la mwana pathako kapena pantchafu, pamene chovala chimabisa, ndipo ena ankangovundukula matako a khanda madzulo kuti tintchentche toluma tilume pamenepo m'malo moluma patsaya. Mwanayo ankadwaladi chilonda kwa miyezi ingapo n'kutsala ndi chipsera, koma nkhope yake inkapulumuka. Mchitidwe umenewu asayansi anadzautcha leishmanization, ndipo chimene chimandidabwitsa n'chakuti pa njira zonse zimene zayesedwapo pa anthu, imeneyi ndi imene inaonetsa chitetezo chosakayikitsa.

Choyambitsa nthendayi ndi kachilombo ka selo imodzi kotchedwa Leishmania, ndipo pali mitundu yake yoposa 20 imene imadwalitsa anthu. Sikayenda kokha. Kamanyamulidwa ndi kantchentche kaubweya kamene pa Chingerezi amati sandfly, kotalika mamilimita awiri kapena atatu basi, kamene kamatuluka dzuwa likamalowa n'kumauluka modumphadumpha, popanda kulira kuja kumene udzudzu umadziulula nako. Chifukwa cha kuchepa kwake kamatha kudutsa m'mabowo a neti wamba ngati netiyo ilibe mankhwala. Kakakazi ndi kamene kamaluma, pofuna magazi okhwimitsira mazira ake, ndipo kakayamwa magazi a munthu kapena nyama yodwala, tizilomboto timaswana m'matumbo mwake, tili ndi kamchira kosambirira, mpaka titakwera kufika pakhosi pake kudikira wolumidwa wotsatira. M'madera ena nkhokwe ya tizilomboti ndi makoswe a m'chipululu, kumapiri a ku Ethiopia ndi mbira, ndipo m'mizinda ngati Kabul ndi Aleppo mtundu wotchedwa Leishmania tropica umangochoka kwa munthu kupita kwa mnzake kudzera m'kantchentcheko.

Pakapita milungu ingapo chilumidwireni, mwinanso miyezi, pamalopo pamatuluka kachiphuphu kofiira kamene sikapweteka kwenikweni, ndipo kusapwetekako ndi kumene kumapusitsa anthu. Kamakula pang'onopang'ono, n'kufewa pakati, kenako n'kutseguka kukhala chilonda chozungulira, cha m'mphepete motukuka ndi molimba, pakati pake polowa ndiponso pophimbidwa ndi nkhanambo imene imati ikachoka imabwereranso. Chilondacho chimatha kukhala miyezi yambiri mpaka chaka kapena kupitirira, n'chifukwa chake ku Iran amachitcha salak ndipo ku Afghanistan amati saldana, mayina onse awiri ochokera ku mawu otanthauza chaka. Madokotala akale a ku Ulaya ankachitchula ndi dzina la mzinda umene anachipezako, monga chithupsa cha ku Aleppo, cha ku Baghdad kapena cha ku Delhi. Chikapola chimasiya chipsera chonyezimira, cholowa ngati cha moto, chimene sichifufutika.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limayerekezera kuti chaka chilichonse anthu pakati pa 600,000 ndi 1 miliyoni amadwala mtundu wa pakhunguwu, ngakhale kuti amene mbiri yawo imafika ku bungweli ndi pafupifupi 200,000 okha. Nthendayi ili ndi abale ake awiri oopsa kuiposa. Wina ndi kala-azar, amene amatupitsa kapamba ndi chiwindi ndipo amapha pafupifupi aliyense wosalandira mankhwala, ndipo wina ndi amene amadya mphuno, m'kamwa ndi pakhosi, wopezeka makamaka ku Bolivia, Brazil, Peru ndi Ethiopia. Ya pakhunguyi siipha, ndipo ndikukhulupirira kuti kusaphako ndi kumene kwaiika kumapeto kwa mzere pogawa ndalama za kafukufuku. Koma wonena kuti ndi nthenda yaing'ono sanamve zimene ofufuza anapeza ku Kabul, kumene atsikana a zipsera kumaso ankaonedwa ngati osayenera ukwati, ndipo amayi odwala ankaletsedwa kugwira ana awo omwe. Nkhondo nayo imaipatsa mpata, monga zinachitikira ku Syria kuyambira mu 2011, pamene nyumba zogumuka, zinyalala zosawoleredwa ndi anthu ogona panja zinachulukitsa odwala, ndipo othawa kwawo anafika nayo m'misasa ya ku Lebanon ndi ku Turkey.

Mankhwala alipo, koma ndi ankhanza. Amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi opangidwa kuchokera ku mtundu wina wa chitsulo wotchedwa antimony, ndipo chiyambi chake ndi cha mu 1912, pamene dokotala wa ku Brazil, Gaspar Vianna, anayesa mtundu wake woyambirira. Wodwala amabayidwa jakisoni tsiku lililonse kwa masiku 20, kapena kubayidwa kangapo m'mphepete mwa chilonda momwemo, zimene zimapweteka moti ana amachita kugwiridwa, ndipo mankhwalawa amatha kusokoneza mtima ndi chiwindi. Mapiritsi a miltefosine amapepukitsako zinthu, koma ndi oopsa kwa mwana wosabadwa. Ena amawotcha chilonda ndi makina kapena kuchiumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri. Njira zonsezi zikhoza kupha kachilombo, koma palibe imene imabweza khungu mmene linalili, ndipo ichi ndi chifukwa chachikulu chofunira katemera.

Asayansi atafika pa nkhaniyi sanataye nzeru ya makolo aja, anangoilowetsa m'labotale. Dokotala wa asilikali a ku Russia, Peter Borovsky, anafotokoza kachilomboka m'zilonda za pakhungu ku Tashkent mu 1898, ndipo mu 1903 William Leishman ndi Charles Donovan, aliyense payekha, anafalitsa zimene anaona m'kapamba wa odwala kala-azar amene anatengera nthendayo ku India. Zitatheka kuweta tizilomboti m'mabotolo, panalibenso chifukwa chokandira mwana ndi timadzi ta pachilonda cha mnzake, popeza ankangotunga tizilombo tamoyo ta mtundu wa Leishmania major n'kubaya munthu pamalo obisika. Dziko la Soviet Union linachita zimenezi m'madera ake a ku Central Asia, makamaka ku Uzbekistan, dziko la Israel linachita m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo dziko la Iran, pa nthawi ya nkhondo yake ndi Iraq m'zaka za m'ma 1980, linabaya anthu oposa 1 miliyoni, kuphatikizapo asilikali opita kumadera kumene nthendayi inali ponseponse.

Chitetezo chinalipo ndithu, koma mavuto anatulukiranso pomwepo. Mwa anthu ochepa chilonda choyambitsidwa dalacho chinkakana kupola, n'kukhala zaka, mpaka kufunika mankhwala ankhanza omwe aja. Kwa ena, matenda awo akale a pakhungu monga psoriasis ankayambiranso. Tizilombo toweta m'mabotolo tinkafooka m'kupita kwa nthawi, moti katemera wopangidwa mwezi uno ankagwira pamene wa mwezi wina sankagwira, ndipo HIV itafala, kubaya munthu kachilombo kamoyo kathunthu osadziwa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi mwake kunasanduka chinthu choopsa. Mchitidwewu unazilala. Sindingawadzudzule amene anausiya, pakuti munthu akabwera ali bwinobwino kuti umuteteze, n'kubwerera kwawo ndi chilonda chosapola, mlandu wako umalemera kuposa wa kantchentche.

Nthomba inadutsanso njira yomweyi, chifukwa anthu ankakanda khungu ndi mafinya a wodwala mpaka mu 1796, pamene Edward Jenner anasonyeza kuti nthomba ya ng'ombe, imene ndi yofatsa, imapereka chitetezo chomwecho. Leishmaniasis sinapeze ng'ombe yake, choncho ofufuza anatembenukira ku tizilombo takufa. Ku Brazil, Wilson Mayrink ndi anzake anayesa katemera wotere kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Ku Venezuela, Jacinto Convit anasakaniza tizilombo takufa ndi BCG n'kumathandiza nazo anthu odwala kale. Ku Iran, bungwe la Razi linapanga katemera wa tizilombo tophedwa ndi nthunzi yotentha kwambiri, amene anayesedwa pa anthu masauzande ambiri ku Iran komweko ndi ku Sudan m'zaka za m'ma 1990. Akatemera amenewa sanavulaze anthu, koma zotsatira zake zitasonkhanitsidwa pamodzi n'kuunikidwa mu 2009, panalibe umboni wokwanira wakuti ankateteza.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake kachilombo kakufa kanalephera pamene kamoyo kanapambana, ayenera kuona kumene Leishmania kamabisala. Akatemera ambiri amene timawadziwa, monga wa kafumbata, amadalira timapuloteni ta m'magazi totchedwa maantibodi, timene timagwira mdani akamayandama poyera. Kachilombo aka sikakhala poyera nthawi yaitali. Kakangolowa pakhungu kamalola kumezedwa ndi maselo akuluakulu otchedwa macrophage, amene ntchito yawo yeniyeni ndi kumeza ndi kugaya tizilombo, ndipo m'kathumba momwe kanayenera kugayidwiramo kamataya kamchira kake, n'kusanduka kozungulira, n'kuyamba kuswana mpaka seloyo itaphulika. Zili ngati mbala imene yasankha kukabisala m'nyumba ya mlonda. Maantibodi safikamo, ndipo n'chifukwa chake odwala kala-azar amakhala ndi maantibodi ambirimbiri m'magazi koma n'kumafookerafookerabe.

Chimene chimapha kachilomboka ndi lamulo lochokera kwa maselo ena, a mtundu wa T, amene amatulutsa puloteni yotchedwa interferon gamma, ndipo macrophage ikalandira lamulo limeneli imadzidzimuka n'kupha mlendo amene inkamusunga. Zambiri za izi zinaphunziridwa pa mbewa za m'labotale m'zaka za m'ma 1980. Mbewa zakuda za mtundu wa C57BL/6 zimadwala chilonda, n'kupola, n'kukhala zotetezeka, pamene zoyera za mtundu wa BALB/c thupi lake limayankha molakwika, ndipo kachilomboko kamafalikira mpaka kuzipha. Kenaka panatuluka mfundo imene inandizunguza mutu nditangoiwerenga. Chilonda chikapola tizilomboto sititheratu, tochepa timatsalira pachipserapo kwa zaka zambiri, ndipo mu 2002 Yasmine Belkaid ndi anzake a ku National Institutes of Health ku America anasonyeza kuti mbewa zimene thupi lake linamaliziratu tizilombo tonse zinatayanso chitetezo chake. Totsalirato ndi timene timakumbutsa thupi tsiku ndi tsiku kuti mdani akadalipo, pamene katemera wakufa amagogoda kamodzi n'kupita. Chiyembekezo china chinabwera mu 2015 kuchokera kwa Phillip Scott ndi anzake a ku University of Pennsylvania, amene anapeza maselo a T okumbukira kachilomboka atakhazikika m'khungu, ngakhale kutali ndi pamene chilonda chinali, ndipo funso linakhala lakuti katemera angawadzale bwanji maselo otere.

Vuto lachiwiri, limene kwa ine ndi lokoma kwambiri pa nkhani yonseyi, ndi la singano. Kwa zaka zambiri katemera watsopano ankayesedwa pobaya mbewa katemerayo, kudikira milungu ingapo, kenako n'kuibaya tizilombo ndi singano pakhutu kapena paphazi n'kumayeza kutupa. Akatemera ambiri anakhoza mayeso amenewa. Koma kantchentche sikabaya ngati singano. Kamlomo kake kamacheka khungu ngati sowo, kung'amba timitsempha ting'onoting'ono n'kupanga kadziwe ka magazi kamene kamamwamo. Pamodzi ndi tizilombo, kamasiya pabalapo malovu oletsa magazi kuundana, mabakiteriya a m'matumbo mwake, ndiponso zinthu zomata ngati ulimbo zimene tizilomboto tinapanga tili m'kati mwake. Zomatazo zimatseka njira ya chakudya ya kantchentche moti kamavutika kumeza, n'kumaluma mobwerezabwereza, zimene ndi phindu kwa kachilombo. Bala lotere limaitana khamu la maselo otchedwa neutrophil, amene ndi oyamba kuthamangira pangozi, ndipo kachilomboka kamalowa mwa iwo kaye n'kubisalamo kasanafike mu macrophage.

Mu 2009 Nathan Peters, David Sacks ndi anzawo anafalitsa zotsatira zimene zinachititsa kuti akatemera ambiri ochita bwino pa mbewa ayambe kukayikiridwa. Mbewa zolandira katemera wa tizilombo takufa, wosakanizidwa ndi mankhwala odzutsa chitetezo, zinatetezeka bwino pamene zinabayidwa tizilombo ndi singano, koma zitalumidwa ndi tintchentche tonyamula tizilombo chitetezo chija sichinaoneke. Mbewa zimene zinadwalapo chilonda n'kupola zinatetezeka pa mayeso onse awiri. Ndikaganiza za zimenezi ndimakumbukira makolo ovundukula matako a khanda aja. Njira yawo inali yoopsa, koma inkayesedwa chaka ndi chaka ndi kantchentche kenikeni, pamene m'malabotale munatha zaka zambiri anthu akukonzekeretsa thupi kulimbana ndi singano, imene siiluma munthu aliyense madzulo.

Malovu omwewo anatsegula njira ina yachilendo. Mu 2000 Shaden Kamhawi ndi anzake anaonetsa kuti mbewa zimene zinalumidwapo kale ndi tintchentche topanda tizilombo zinkadwala pang'ono zitadzalumidwa ndi tonyamula tizilombo, chifukwa thupi linali litawazindikira malovuwo, ndipo polimbana nawo linkasandutsa pamalo olumidwapo kukhala povuta kwa kachilombo. Jesus Valenzuela ndi gulu lake anatsatira mfundoyi mpaka anapatula puloteni imodzi ya m'malovu, yotchedwa PdSP15, imene mu 2015 inachepetsa matenda mwa anyani a mtundu wa rhesus olumidwa ndi tintchentche todwala. Chovuta n'chakuti mitundu ya tintchentche yofalitsa nthendayi ndi yoposa 90, ndipo malovu ake amasiyana, moti puloteni yothandiza ku West Africa singathandize mofanana ku Brazil.

Njira zamakono zopangira katemera nazo zayesedwa, koma sindichedwapo chifukwa mapeto ake akhala ofanana. Ku Seattle, Steven Reed ndi anzake analumikiza mapuloteni atatu a kachilomboka kukhala imodzi yotchedwa Leish-111f, ndipo itayesedwa pa anthu inapezeka kuti siivulaza komanso imadzutsa maselo oyenera. Ku University of York, ku England, Paul Kaye ndi anzake anaika majini awiri a Leishmania, kutanthauza timalangizo tachibadwa touza selo mapuloteni oti ipange, mu vairasi ya chimpanzi yofooketsedwa, n'kupanga katemera wotchedwa ChAd63-KH, amene anayesedwa ku Sudan pa anthu otuluka zotupa pakhungu atachira kala-azar. Nayenso sanavulaze, koma pa mayeso oyerekeza olandira katemera ndi osalandira, jakisoni mmodzi sanaonetse kusiyana kumene ankayembekezera pa kupola kwa zotupazo. Chimene chimandiseketsa mowawa n'chakuti agalu anatipitirira. Ku Ulaya katemera wa agalu wa CaniLeish analoledwa mu 2011 ndipo wa LetiFend mu 2016, ngakhale kuti chitetezo chake si chathunthu. Sayansi yake ndi yosavutirapo chifukwa galu ungamuyese m'njira zimene sungayese munthu, koma sindikayika kuti kupezeka kwa eni agalu okhoza kulipira kunathandizanso.

Ndiye kafukufuku wazungulira n'kubwerera pamene anayambira, pa kachilombo kamoyo, koma tsopano kodulidwa mphamvu. Kachilomboka kali ndi jini yopanga puloteni yotchedwa centrin, imene imafunika pamene selo ikugawikana. Jini imeneyi ikachotsedwa pamachitika chinthu chimene opanga katemera angachilakelake. Kachilombo ka kamchira kaja kamaswanabe bwinobwino m'mabotolo, moti kakhoza kupangidwa kochuluka, koma kakalowa mu macrophage n'kutaya kamchirako kamalephera kugawikana, kamangofufuma n'kufa. Pogwiritsa ntchito njira yodulira majini ya CRISPR, gulu la Greg Matlashewski wa ku McGill University ku Canada, Abhay Satoskar wa ku Ohio State University, Hira Nakhasi wa ku bungwe loona za mankhwala la FDA ku America ndi Shinjiro Hamano wa ku Nagasaki University ku Japan linachotsa jiniyi mu Leishmania major popanda kusiyamo jini ina yachilendo, ndipo linafalitsa zotsatira zake mu 2020. Mbewa zolandira kachilombo kodulidwako sizinatuluke chilonda, ngakhale zimene chitetezo chake chinali chofooketsedwa, ndipo zinatetezeka pamene zinalumidwa ndi tintchentche todwala. Mfundo yomalizayi ndi imene imandipatsa chifukwa chomvetsera. Chaka chotsatira anaonetsanso kuti katemera yemweyo amateteza tinyama totchedwa hamster ku kala-azar, ndipo kampani ya Gennova ya ku Pune, ku India, inatenga ntchito yomupanga motsatira miyezo ya katemera wa anthu, ndi thandizo la ndalama la GHIT Fund ya ku Japan.

Komabe nkhawa yanga ili pa mfundo ya mu 2002 ija. Ngati chitetezo chimadalira tizilombo totsalira, ndiye kuti kachilombo kodulidwa mphamvu kayenera kuyenda pakanjira kopapatiza kwambiri. Kakhale m'thupi nthawi yokwanira kuphunzitsa maselo a T, koma kasakhale nthawi yokwanira kuboola khungu. Kakafa msanga kadzafanana ndi katemera wakufa uja, ndipo kakachedwa kufa tidzabwerera ku mavuto amene anaimitsa leishmanization. Mbewa imakhala zaka ziwiri kapena zitatu, pamene mwana wa m'dera la nthendayi akufunika chitetezo cha zaka makumimakumi, ndipo kusiyana kumeneku mbewa singakuyankhe.

Kuyesa katemera wotere pa anthu m'midzi ndi ntchito yolemetsa. Nthendayi imabuka mosadziwika, chaka china odwala ambiri, china ochepa, moti pamafunika anthu masauzande ambiri ndi zaka zingapo zowatsatira, nthawi zambiri m'madera a nkhondo kumene ngakhale chipatala wamba chikuvutika kutsegula. Kampani iliyonse imazengereza kutaya ndalama zotere pa katemera amene ogula ake ndi osauka. Pofuna kudula njirayi, ofufuza a ku York anachita chinthu chimene munthu akachimva koyamba thupi limachita tsembwe. Anapempha anthu athanzi kuti alole kulumidwa dala. Tizilombo, ta mtundu wa Leishmania major, tinachokera kwa wodwala wa ku Israel, tintchentche ta mtundu wa Phlebotomus duboscqi tinaweteredwa ku Charles University ku Prague, ndipo anthu 14 anadzipereka. Aliyense anamangiriridwa pamkono kabokosi kakang'ono kokhala ndi tintchentche towerengeka todwala, n'kukhala pansi kwa theka la ola akuona tikuyendayenda pakhungu lake. Mwa anthu 14 amenewo, 9 anatuluka chilonda, ndipo madokotala anachidula chikadali chaching'ono, n'kupitiriza kuwayang'anira. Zotsatira zake zinafalitsidwa m'magazini ya Nature Medicine mu 2024.

Ndavutika nayo m'maganizo njira imeneyi. Kudwalitsa dala munthu wathanzi kumaoneka ngati kuphwanya lamulo loyamba la udokotala, ndipo mbiri ya zachipatala ili ndi nkhani zonyansa za anthu oyeseredwa matenda osauzidwa. Koma pano pali kusiyana kumene sindingakukane. Odziperekawo anauzidwa zonse, kuphatikizapo zakuti adzatsala ndi chipsera, ndipo mtundu wosankhidwawo ndi umene umakhala pakhungu pokha n'kupola wokha. Njirayi si yatsopano, chifukwa katemera wa malungo wa RTS,S, amene WHO inamuvomereza mu 2021 ngati woyamba wolimbana ndi kachilombo ka gulu limodzi ndi Leishmania mwa anthu, anadutsa pa mayeso a anthu olumidwa dala ndi udzudzu wodwala asanapite kwa ana. Ndipo ndikayeza mbali zonse, ndimaona kuti katemera wosathandiza ndi bwino agwe m'chipinda cha anthu makumi angapo odziwa chimene akuchita, kusiyana n'kuti agwe patapita zaka zisanu, atabayidwa ana masauzande amene makolo awo anali ataika mtima pa iye.

Mayeso a ku York sangayankhe zonse. Munthu wa ku England amene sanalumidwepo ndi kantchentche chibadwire thupi lake siliyankha ngati la mwana amene amalumidwa chilimwe chilichonse, wodya mopereweza ndiponso wolimbana ndi matenda ena. Chitetezo cholimbana ndi Leishmania major sichitsimikiza kuti chidzaletsa Leishmania braziliensis, kachilombo kodya mphuno ka ku South America, kumene nthawi zina chitetezo chopitirira muyezo ndi chimene chimawononga minofu, moti katemera wodzutsa thupi mwamphamvu ayenera kuyesedwa mosamala kwambiri kumeneko. Ngakhale mankhwala oyezera pakhungu ngati munthu anakumanapo ndi kachilomboka, njira imene João Montenegro anayambitsa ku Brazil mu 1926, anafika posowa chifukwa opanga ake anasiya, pamene popanda iwo n'kovuta kudziwa amene ayenera kulowa m'mayeso, ndipo ofufuza akuchita kuyambiranso kuwapanga.

Chimene mayesowa apereka ndi malo amene katemera angakumane ndi kantchentche kenikeni pakhungu la munthu, m'miyezi yowerengeka m'malo mwa zaka. Amene anatuluka zilonda aja anatsala ndi kachipsera pamkono, pamalo amene iwo ndi madokotala anagwirizana pasadakhale. Cholinga chake n'chakuti gulu lina lidzakhale pamipando yomweyo, ena atalandira katemera ndipo ena ayi, wina aliyense osadziwa mbali imene ali, kenako kabokosi kaja kadzamangidwe pamkono, ndipo kwa milungu yotsatirayo madokotala azidzasuzumira pakhungupo ndi galasi lokulitsa zinthu, kuyang'ana ngati kachiphuphu kofiira kaja kayamba kutuluka.